Masipika a malipenga m'nyumba: ndalama zimathera pati, nanga zingapulumuke pati?

Ambirife lipenga la sipika timalidziwira pa denga la mzikiti, pa galimoto yolengeza msonkhano wa ndale, kapena pa mtengo wa pabwalo la mpira. Mawu ake ndi aukali, opyoza m'makutu, opanda besi ngakhale pang'ono. Choncho munthu amadabwa akamva koyamba kuti ku Germany, ku Japan ndi ku America kuli anthu olipira ndalama zokwanira kumanga nyumba kuti aike malipenga pabalaza pawo ndi kumamvererapo nyimbo. Kampani ya Avantgarde Acoustic, yomwe inayamba mu 1991 ku Germany, imagulitsa sipika yake yaikulu yotchedwa Trio pa mtengo wopitirira madola 100,000 aku America. Klipschorn ya ku America, peyala yatsopano imadutsa madola 15,000. Kodi wa thumba lapakatikati angafikeko ku mawu oterewa? Ine ndikuti angafike, ndipo pa ndalama zochepa kwambiri kuposa zimenezi, bola adziwe chimene chimakweza mtengo ndi chimene angachisiye osataya kanthu.

Sipika wamba ndi kapepala kooneka ngati mbale, kamene kamakankhidwa ndi koyilo yozungulira pa maginito. Vuto lake n'lakuti pepalalo n'lolemera pomwe mpweya ndi wopepuka, ndiye likakankha, mpweya umangothawira m'mbali. Zili ngati kupalasa bwato ndi ndodo m'malo mwa nkhafi: mphamvu mukutaya zambiri, madzi osagwira. Pa magetsi onse amene ampu (chipangizo chopatsa sipika mphamvu) imatumiza ku sipika wamba, osakwana gawo limodzi mwa magawo 100 ndiwo amasanduka mawu. Otsalawo amangotenthetsa koyilo. Lipenga limakonza zimenezi. Kukhosi kwake n'kopanikiza, kotero mpweya ulibe kothawira ndipo umagwirana bwino ndi chokankhacho. Kenako njirayo imanka ikula pang'onopang'ono mpaka kukamwa, ndipo mawu amatuluka m'chipinda osabwerera m'mbuyo.

Kusiyanaku kumaoneka pa manambala. Sipika zambiri za m'nyumba zimatulutsa pakati pa 85 ndi 88 dB (muyeso wa kukula kwa phokoso) zikapatsidwa wati imodzi, poyezera pa mtunda wa mita imodzi. Za malipenga zimafika 100 mpaka 105 dB pa wati imodzi yomweyo. Wina angaone ngati kusiyana kwa 17 n'kochepa, koma muyeso wa dB suyenda monga timawerengera matumba a chimanga. Kuti muwonjezere 3 dB muyenera kuwirikiza kawiri mphamvu ya ampu, ndipo 10 dB imafuna kuwirikiza kakhumi. Ndiye kuti phokoso limene sipika ya 104 dB imatulutsa ndi mawati awiri, ya 87 dB imafuna mawati 100 kuti ilifikire. Dziwani chabe kuti manambala olembedwa ndi opanga amakonda kukomera iwo eni. Magazini amene amayeza okha amapeza kawirikawiri kuti atsikako ndi ma dB angapo.

Luso limeneli linabadwa chifukwa cha kusowa. M'zaka za m'ma 1920, mafilimu atayamba kukhala ndi mawu, ampu zinali za mavalavu, timachubu tagalasi tooneka ngati mababu, ndipo zinkatulutsa mawati owerengeka, koma holo yokhala anthu mazanamazana inafunika kudzaza ndi mawu. Mu 1926 akatswiri awiri a ku Bell Laboratories, Edward Wente ndi Albert Thuras, anapanga Western Electric 555, kachipangizo kamene masiku ano timati compression driver, kapena mwachidule diraiva: kachimbale kopyapyala ka aluminiyamu kopanikizira mawu m'kabowo kakang'ono, kenako n'kuwalowetsa m'lipenga. Mu 1945 kampani ya Altec Lansing inatulutsa Voice of the Theatre, imene inalamulira nyumba za kanema kwa zaka zambiri. Chaka chotsatira, Paul Klipsch anayamba kupanga Klipschorn m'tauni yaing'ono ya Hope ku Arkansas, ndipo mpaka lero ikupangidwabe. Koma Edgar Villchur atatulutsa kabokosi kotseka ka AR-1 mu 1954, kenako matransisita n'kutsitsa mtengo wa mawati, anthu ambiri anaona kuti palibe chifukwa chosungira chimbokosi chofanana ndi kabati pabalaza. Malipenga anatsalira m'makanema, m'matchalitchi ndi pa nsanja za oimba. Amene sanawataye ndi a ku Japan. Iwo anagula Altec, JBL ndi Western Electric zakale zochuluka, zina n'kuziika m'tinyumba ta khofi tomvereramo jazi, ndipo chidwi chimene chinabwerera ku Ulaya ndi ku America m'zaka za m'ma 1990 chinachokera kwambiri kumeneko.

Chimene okonda malipenga amafuna si phokoso lalikulu ayi, ngakhale likhoza kutero. Popeza kachimbale kaja kamasuntha pang'ono zedi kuti katulutse mawu okwanira chipinda, sikatopa ndipo koyilo yake sitentha. Ng'oma ikagunda imagunda mwadzidzidzi monga imachitira pamaso, ndipo woimba akatsitsa mawu n'kumanong'ona, mumamva ngakhale kupuma kwake popanda kukweza voliyumu. Phindu lina, limene ine ndimaliona lalikulu kwa ife, n'lakuti lipenga limalunjikitsa mawu kutsogolo m'malo mowamwaza ponseponse. Nyumba zathu zambiri n'zapansi pa simenti kapena matailosi, makoma a njerwa opaka pulasitala, makatani opyapyala, zina zopanda siling'i. M'chipinda chotere mawu amanjanja n'kusokonezana. Sipika yolunjikitsa mawu imagunda makoma mochepa, ndipo chimene chimafika m'khutu n'choyera kuposa.

Tsono mtengo umakwerera pati? Umakwerera pa besi. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo funde lililonse lili ndi utali wake. La 1,000 Hz, kutanthauza mawu onjenjemera ka 1,000 pa sekondi, ndi lotalika masentimita 34, la 500 Hz masentimita 69, koma la 40 Hz, kumene kuli chingwe chotsikitsitsa cha gitala ya besi, limatalika mamita asanu ndi atatu ndi theka. Kuti lipenga ligwire bwino funde, kuzungulira kwa kamwa lake kuyenera kuyandikira utali wa fundelo. Pa 1,000 Hz limenelo ndi lipenga lonyamula ndi dzanja limodzi. Pa 40 Hz ndi kamwa lotambalala mamita oposa awiri ndi theka, lotalikanso mamita angapo. Palibe luso kapena ndalama zimene zingasinthe lamuloli. Klipsch analizemba mwanzeru: anapinda lipenga kangapo mkati mwa bokosi, n'kuliumiriza pa ngodya ya chipinda kuti makoma awiri ndi pansi zimalize kamwa lake. Koma ngakhale apo, bokosi limodzi limalemera makilogalamu pafupifupi 100, lili ndi matabwa ambirimbiri odulidwa mopendeka, ndipo limafuna chipinda chokhala ndi ngodya ziwiri zolimba pa khoma limodzi. La Scala, imene Klipsch anaipanga mu 1963 kuti igwire ntchito pa misonkhano ya kampeni ya Winthrop Rockefeller ku Arkansas, siifuna ngodya, koma besi yake imayamba kuzilala ikatsika pa 50 Hz. Ngakhale Avantgarde, ndi mtengo wake wonsewo, pa sipika zake za Uno ndi Duo besi amaipereka kwa wufa, sipika wamba ya mawu apansi, wokhala ndi ampu yakeyake.

Apa ndiye pali khomo. Ngati opanga zodula amavomereza kuti besi ichokere m'bokosi wamba, wosaka zotsika mtengo asachite manyazi kutero. Zambiri zimene khutu limakondera m'lipenga, monga mawu a munthu, gitala, malipenga a bandi, nsambo ndi kulira kwa ng'oma yaing'ono, zili pamwamba pa 500 kapena 1,000 Hz, kumene lipenga lake ndi laling'ono ndiponso lotchipa. Pansi pake muike wufa wa mainchesi 12 kapena 15 wa pepala lopepuka, wotulutsa 95 mpaka 98 dB, m'bokosi lokhala ndi bowo lopumira. Umu ndi momwe kampani ya Klipsch inapangira Cornwall ya 1959, komanso Heresy ya 1957 ngakhale poyamba bokosi lake linali lotseka, ndipo zatsopano zake zilipobe: Heresy peyala ili cha m'madola 3,000, Cornwall kuwirikiza kawiri kapena kupitirirapo. N'zotsikirapo poyerekeza ndi Klipschorn, koma kwa wolandira makwacha n'zakutali ndithu. Pansi pa izi pali timasipika ting'onoting'ono ta Klipsch ndi JBL tokhala ndi lipenga pa twita yokha, kasipika ka mawu apamwamba. Ndi tabwino pa mtengo wake, koma wufa wake wa mainchesi asanu kapena asanu ndi limodzi ndiye amalamula, ndipo mphamvu ija ya lipenga simuimva yonse.

Zogwiritsidwa kale ntchito ndiye njira yoyamba yeniyeni. Sipika za mtundu uwu sizikalamba msanga chifukwa m'mphepete mwa wufa wake ambiri ndi mwa nsalu kapena pepala, osati siponji imene imayoyoka pakatha zaka khumi ndi zisanu. Heresy, Cornwall ndi La Scala za m'ma 1970 ndi 1980 zimapezeka zikugwirabe ntchito, chimodzimodzinso Altec Valencia ndi Altec Model 19. Nyumba za kanema zikamatsekedwa kapena kukonzedwa zimatulutsanso JBL zikuluzikulu za kuseri kwa nsalu, zosaoneka bwino koma zokhala ndi zipangizo zapamwamba zedi. Zipangizo zosinthira sizisowa: kuli opanga za Altec, ndiponso timakampani tina topanga crossover (chipangizo chogawa mawu apansi ndi apamwamba) ndi timbale ta Klipsch zakale. Abale athu okhala ku Britain ndi ku South Africa ali ndi mwayi pamenepa, popeza katundu wolemera chonchi wogulitsa safuna kumutumiza pa positi, ndipo amene wabwera ndi galimoto ndi ndalama m'manja amanenerera mtengo bwino.

Pogula zakale musamangomvera nyimbo imene mwini wake wasankha. Tengani mita yoyezera magetsi, muyeze sipika iliyonse payokha: yolembedwa 8 ohm imaonetsa pakati pa 5 ndi 7, ndipo ya kumanja ifanane ndi ya kumanzere. Ikani zala mozungulira pakati pa wufa n'kukankha pang'onopang'ono molingana. Mukamva kukhulana ngati muli mchenga, koyilo inapsa kapena inapindika. Pa foni ikanipo liwu lokwera pang'onopang'ono kuchokera pansi mpaka pamwamba, mutchere khutu pakamwa pa lipenga motsitsa voliyumu, mumve ngati pali pamene likunjenjemera. Funsani ngati timbale ta mkati ndi toyambirira, pakuti tambiri tosinthira totchipa timamveka mwaukali. Makapasita a mu crossover ya zaka 40 ndi ofunika kusintha, koma imeneyo ndi ntchito yaing'ono. Choopsa ndi bokosi limene linamwa chinyezi mpaka plywood kuyamba kusuwa, makamaka pa lipenga lopinda, chifukwa likamadontha mpweya mkati besi imathawa ndipo kulitsegula n'kovuta.

Njira imene ine ndimaikhulupirira kwambiri ndi yomanga nokha ndi zipangizo za oimba pa nsanja. Anthu ambiri sadziwa kuti mkati mwa sipika zina zodula za m'nyumba muli zipangizo zochokera ku mafakitale omwewo amene amapangira mabandi: B&C, RCF, Faital Pro ndi 18 Sound a ku Italy, BMS ya ku Germany, Beyma ya ku Spain, Celestion ya ku England, Eminence ya ku America. Popeza amapanga zikwizikwi, mtengo wake ndi wa malonda wamba. Mwachitsanzo B&C DE250, compression driver ya khosi la inchesi imodzi imene omanga okha amaikonda kwambiri, siifika madola 200, ndipo lipenga lake la pulasitiki lolimba limatsika kuposa pamenepo. Ndalama zochuluka zimene mumalipira pa sipika ya dzina zimapita ku matabwa osalala ndi penti, ku sitolo yogulitsa, ku kutsatsa malonda ndi ku kunyamula chimbokosi kuwoloka nacho nyanja. Zonsezi mukhoza kuzidumpha. Malipenga awiri ndi madiraiva ake amakwana m'chikwama cha paulendo, mawufa awiri amakwana m'katoni imodzi, ndipo bokosi angakhome kalipentala waluso wa kwanuko ndi plywood ya mamilimita 18, monga imene imachokera ku Chikangawa. Mungomuuza kuti mkati mufunika mipiringidzo yolimbitsa makoma, guluu pa mfundo iliyonse, ndipo miyeso isasinthidwe pofuna kupulumutsa thabwa.

Kusankha lipenga lenilenilo n'kofunika kuposa dzina la diraiva. Mbiri yoipa yakuti malipenga amalankhulira m'mphuno inachokera ku akale okhala ndi khosi lalitali lopapatiza ndi m'mbali mokhota mwadzidzidzi, momwe mawu amagunda n'kubwerera. Achitsulo ngati Altec 511B amaliranso okha mukawagogoda ndi chala, ndipo eni ake amawamata phula kapena labala kunja kuti akhale chete. Kuchokera pamene Don Keele anapanga lipenga lomwaza mawu onse mofanana ku Electro-Voice mu 1975, kenako Earl Geddes n'kulimbikitsa malipenga aafupi otseguka msanga, vutoli linachepa kwambiri. Palinso a mtundu wa tractrix, umene Paul Voigt anayamba nawo ku England m'zaka za m'ma 1920, ndi a Jean-Michel Le Cléac'h wa ku France, ozungulira okhala ndi milomo yopindikira kumbuyo. Kwa woyamba kumene ndingalangize lalifupi, losalala mkati, la milomo yozungulira, lomwaza mawu madigiri 90 m'mbali. Ndipo musasokoneze zimenezi ndi timatwita ta piezo timene timadzaza pa masipika otchipa a pamsika olembedwa mawati zikwizikwi. Kunja timaoneka ngati malipenga, koma mkati mulibe koyilo kapena maginito, ndipo ndi timeneti timaswa makutu pa zinkhoswe.

Pamene anthu ambiri amagwera ndi pa crossover, chipangizo chogawa mawu kuti apansi apite kwa wufa, apamwamba ku lipenga. Amagula zipangizo zabwino, n'kulumikiza ndi crossover yogula yopangiratu, kenako n'kumati malipenga ndi aukali. Diraiva pa lipenga imatulutsa mwina 108 dB pomwe wufa akutulutsa 97, ndiye lipengalo liyenera kutsitsidwa ndi ma dB khumi kapena kuposa kuti ziyendere limodzi. Malipenga amakono amafookanso kumwamba kwenikweni, ndipo crossover iyenera kubwezera pamenepo. Malo ogawira nawonso si ongolota. Diraiva ya inchesi imodzi imagawidwa bwino cha pa 1,200 mpaka 1,600 Hz, ndipo imayenerana ndi wufa wa mainchesi 12. Wa mainchesi 15 amafuna kusiya ntchito msanga, cha pa 800 kapena 1,000 Hz, zomwe zimafuna diraiva yokulirapo ndi lipenga lokulirapo. Mukatsitsa kupitirira pamene lipenga limagwira, kachimbale kamavutika ndipo mawu amayamba kukalipa.

Pali njira ziwiri zotulukira. Yoyamba ndi kutsata pulani imene ena anaiyeza kale n'kuifalitsa, monga Econowave kapena za Pi Speakers za Wayne Parham, osasinthamo kanthu ngakhale kamodzi, chifukwa crossover imapangidwira diraiva, lipenga ndi wufa amene anatchulidwawo basi. Yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito kabokosi ka DSP, monga ta miniDSP, kamene kamagawa mawu asanafike ku ampu. Pamenepo mufunika ampu ziwiri, maikolofoni yoyezera ngati UMIK-1, ndi pulogalamu yaulere ya REW pa kompyuta. Zimatenga masabata kuphunzira, koma mukalakwitsa mumangosintha nambala m'malo mogulanso makoyilo ndi makapasita. DSP imathanso kuchedwetsa wufa pang'ono kuti mawu ake afike nthawi imodzi ndi a lipenga, amene amayambira kumbuyo. Masentimita 34 aliwonse ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Musaiwale kuika kapasita yoteteza pa waya wopita ku diraiva, chifukwa kaphokoso kamene ampu imachita poyatsa kapena magetsi akabwera mwadzidzidzi kakhoza kung'amba kachimbale nthawi yomweyo. Ndikanakhala ndi ndalama zochepa zoti ndigawe, ndikanagula diraiva yapakatikati ndi maikolofoni, osati diraiva yodula popanda choyezera.

Pali mtundu winanso wotchipa: sipika imodzi yokha yaing'ono, monga za Fostex za ku Japan, yoikidwa m'bokosi lokhala ndi lipenga lopinda kumbuyo kwake. Fostex imapereka mapulani ake kwaulere, crossover siifunika, ndipo pa mawu a munthu ndi gitala yosalumikiza ku magetsi imakoma kwabasi. Koma kwa wokonda rege, rumba kapena kwaya yaikulu ya ziwalo zonse, imachepa mphamvu. Wofuna kudzipangira lipenga la besi lenileni ayambe wayesa maganizo ake pa pulogalamu yaulere ya Hornresp ya David McBean asanadule thabwa, ndipo ambiri akaona kukula kwake amasankha sabuwufa, bokosi lapadera la besi.

Ndalama zina zimapulumuka pa ampu. Pabalaza wamba sipika ya 98 kapena 100 dB imagwiritsa ntchito wati imodzi kapena kucheperapo nthawi zambiri. N'chifukwa chake imayenda ndi ampu za valavu imodzi, monga 300B yotulutsa mawati asanu ndi atatu kapena 2A3 yotulutsa atatu ndi theka, ngakhale zimenezo zili ndi mtengo wakewake. Ampu yaing'ono yabwino ya matransisita kapena ya Class D, ya mawati 10 mpaka 30, ikwanira, ndipo ya Class D imadya magetsi ochepa moti batire ya sola imaiyendetsa usiku wonse magetsi atazima. Koma sipika yomva msanga imamvanso zoipa. Kaphokoso ka "sss" kapena kung'ung'udza kumene pa sipika wamba simukumva, pa lipenga kumamveka muli pampando. Ampu zikuluzikulu za pa nsanja, zokhala ndi fani, n'zosayenera pano ngakhale zitapezeka motchipa. Musanalipire ampu iliyonse, ilumikizeni ku sipika zanu, muiyatse popanda nyimbo, mukhale pamene mudzakhale pomvera, mamita awiri ndi theka kapena atatu kuchokera pa sipika. Ngati mukumva kanthu muli pamenepo, m'bwezereni mwini wake muyese ina.